Nyenyezi Imodzi ya a Kikue

Lachinayi, 9 Okutobala

Masamba ayamba kufiira kumtunda kwa mlatho. Zipinda zonse zodzaza mpaka Lamlungu. Mafuta otenthetsera m'nyumba akweranso mtengo, chisanu chisanayambe n'komwe.

Pakhomo lero ngati pamsika. Chigwa chathu chino netiweki imachizonda, intaneti imagwira malo amodzi okha, pa mashelefu a nsapato. Ndiye alendo onse ali pomwepo. Anthu aulemu wawo, atavala yukata, mikanjo yopepuka ya nyumba yathu, manja m'mwamba, kusaka kachizindikiro pafoni. Bambo wina wamimba yake mpaka kukwera pa benchi yovalira nsapato. Benchi yopala malemu mwamuna wanga! Ndamumwetulira. Ndine okami, mayi wa nyumba ya alendo, ntchito yanga n'kumwetulira. Mumtima muli moto.

Wa chipinda cha kumtsinje akuti sanagone, madzi akusokosera, kodi sitingachepetseko? Kuchepetsa mtsinje! Wina akuti madzi osamba a kasupe wathu wotentha atenthetsa, ngati pansi pa phiri pali munthu amene ndingamuuze kuti afumule nkhuni. Winanso za tizilombo tonunkha timene timalowa m'nyumba nyengo ino. Tepi ili m'chipinda chilichonse, umata kachilombo, upinda, utaya, basi. Iye anayamba wakajambula kaye, kenaka kubwera kudzandionetsa chithunzi. Kachilombo anakasiya pakhoma.

Mwana wanga Seiji, chibwerereni ku Tokyo kudzandithandiza, nyimbo ndi imodzi: tiitane anthu akoke mawaya, intaneti ifike chipinda chilichonse. Ndakana. Kuboola matabwa a nyumba ino chifukwa cha zithunzi za anthu?

Chondiwawa kwenikweni ndi chakudya. A Onuma kukhitchini amaphika mbale ndi mbale, iliyonse nthawi yake. A Kikue kunyamula thireyi, kukwera nayo masitepe, kugwada pachitseko, kutsegula. M'chipinda mulibe munthu. Ali ku nsapato.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndaseka lero mpaka misozi.

Chipinda cha kumtsinje mwalowa banja lachinyamata la ku Yokohama. Mkazi wokongola ndithu, zikhadabo zopenta. Madzulo a Kikue apititsa bowa wokazinga. Mkazi kujambula, kudzambatuka, liwiro la ku nsapato kukatumiza chithunzi. Pobwera bowa wafewa. Akuti akatenthetsenso. A Onuma akazinga wina, milomo ili kutali. Kenaka nsomba ya mumtsinje, yamchere, yochokera pamakala pompo. Zomwezo. Mkazi atati adzukenso, a Kikue akuti anangoti, "Mayi, nsombayi inafa kale kamodzi, musaiphenso kachiwiri. Idyani. Foniyo siizizira."

Mwamuna kuseka. Mkazi naye kuseka, kukhala pansi, kudya yonse mpaka mutu. Andiuza okha a Kikue kukhitchini, nkhope yosaseka ngati sananene kanthu.

Ndi mmene alili. Tsiku limene ndinalowa m'nyumba ino ngati mtengwa ndinawapeza ali kale pantchito yoperekera chakudya m'zipinda. Ndi iwo anandiphunzitsa kutsegula chitseko chapepala nditagwada, dzanja ili kaye, kenaka linali, ndipo ndikalakwitsa ankandikwapula padzanja ndi kansalu kopukutira. Alendo akale ankabwerera chaka ndi chaka chifukwa cha pakamwa pawo pomwepo.

Lamlungu, 12 Okutobala

A ku Yokohama anyamuka mmawa. Kuwerama, kuthokoza, ati tasangalala kwambiri, tidzabweranso chipale chikagwa. Mkazi mpaka kugwira a Kikue dzanja. Ndawapatsa timakeke ta mpunga ta paulendo.

Bondo lakumanja likuwawa. Mvula mawa.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Nyenyezi imodzi. Imodzi!

Seiji wandiitanira mu ofesi, nkhope ngati wa pamaliro. Pa tsamba la pa intaneti limene anthu amasungitsira malo, mkazi wa ku Yokohama uja walemba ndemanga yake, watipatsa nyenyezi imodzi mwa zisanu. Ati intaneti kulibe ngati nthawi ya makolo, pilo wouma, tizilombo. Zimenezo ndazizolowera. Koma pansi pake: "Gogo wina wamwano, dzina lake Kikue, anandichititsa manyazi pamaso pa mwamuna wanga. Sitidzapondakonso."

Dzina lonse pambalambanda. Munthu amene unamugwira dzanja dzana lomweli. Makeke anga unadya uli m'galimoto, chala china chikulemba. M'maso muli gwa! Anthu a masiku ano sadandaula pamaso ayi. Akuweramira bwinobwino, akafika pamene pali netiweki ndi pamene amapeza pakamwa. Ukanandiuza ine pakhomo, mwana iwe, tikanakambirana ngati anthu.

Izo zili apo. Chimene chandipsetsa mtima ndi yankho la Seiji. Wayankha kale m'dzina la nyumba, osandifunsa. "Tikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Wantchito ameneyu tamudzudzula ndipo timuphunzitsanso ntchito."

Timuphunzitsanso ntchito! Aphunzitse ndani? Iyeyu, amene a Kikue ankamusintha matewera ine ndili ndi alendo? Ndamufunsa kuti wawadzudzula liti. Akuti, "Amayi, aliyense amalemba choncho. Ndi mawu chabe, ngati kuwerama. Nkhani itseke."

Sindinadye nkhomaliro.

Lachitatu, 15 Okutobala

A Kikue amva. Wobweretsa ndiwo zamasamba wawaonetsa pafoni yake, pakamwa pake sipasunga kanthu.

Mmawa ndili mu ofesi ndi Seiji, a Kikue alowa atavala bwinobwino. Kugwada, manja pamkeka, chipumi pansi. "Okami-san, bwana wamng'ono, ndaipitsa dzina la nyumba. Ndikhululukireni." Tsitsi lawo loyeralo pansi pamaso pa mwana wanga, iye ali pampando wozungulira. Ndinalakalaka nditamuponya nawo pansi.

Ndawadzutsa. Ndati simunalakwe kanthu, cholakwa ndi chimene walemba uyu. Iwo akuti, "Ayi, bwana wamng'ono walemba bwino. Ndi mmene zimalembedwera. Mlendo wapepesedwa, zatha." Ndipo atuluka kukapukuta mathireyi.

Zatha bwanji? Kwa ine sizinathe.

Masana Seiji wayambitsa ina. Ati chisanu chikatha tisiye kuperekera chakudya m'zipinda, tigwetse khoma tipange holo yodyeramo onse pamodzi, atsikana aganyu azithamanga ndi mbale. Ndafunsa kuti nanga a Kikue azitani. "Azipuma, Amayi, akula." Akapume kuti? Kwawo ndi kachipinda kaja kuseri kwa khitchini. Sanakwatiwe, ana alibe. Kuli mchimwene wawo kunyanja ku Sakata, ndi mlamu amene sagwirizana naye. Ndamuuza kuti ndisanafe ine, a Kikue sachoka m'nyumba ino. Wangoyang'ana kompyuta.

Lachisanu, 17 Okutobala

Magulu angapo abweza malo. Seiji amandiuza lililonse, mawu otsika, ngati akundiwerengera machimo.

A Kikue asintha. Mbale ikazizira anyamula, atenthetsa, abweza, "Pepani pokudikiritsani." Palibe nthabwala, palibe kuseka m'zipinda. Ndikadutsa pakhonde pamangomveka masilipasi awo. A Onuma akuti, "Okami-san, mayi aja angotsala kimono yokha, munthu mulibe." Eni ake a Kikue ukawafunsa akuti ali bwinobwino, akuti pakamwa papumako.

Lero mtsikana wina wandifunsa kuti n'chifukwa chiyani timaletsa foni kosambira. Anthu ali maliseche, mwana iwe! Akuti amafuna kujambula nthunzi. Mnzake akudandaula kuti soketi ili kutali ndi pogona, wakoka matiresi mpaka pachitseko, wagona ngati mlonda. Chimbalangondo chaoneka kumunda kwa a Onuma, tachenjeza alendo kuti asayende kumtunda. Funso lawo loyamba: kumeneko netiweki iliko?

Yankho la Seiji lija ndaliwerenganso. Nthawi iliyonse likuwawa mofanana.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndachita.

Seiji anapita kutauni kukagula mababu. Ndakhala pampando wake wozungulira uja, magalasi pamphuno, zala ziwiri. Kupepesa kwake ndafufuta. Ndalemba zanga:

"Ndine mayi wa nyumba ino. Kupepesa kumene kunali apa ndakuchotsa chifukwa kunali kunama. A Kikue sitinawadzudzule, ndipo palibe pano amene angawaphunzitse ntchito. Anakuuzani kuti nsomba inafa kale kamodzi, musaiphenso kachiwiri, foni siizizira. Ananena zoona. Ofuna intaneti ikupezeka pa nsapato. Ofuna nsomba yotentha akhale pansi adye."

Ndadina. Mtima myaa! Ndadya mbale ziwiri za mpunga watsopano, ndi koko wa msuzi wa ng'ombe. A Onuma kudabwa, ati mwachira liti?

A Kikue sindinawauze. Ndikufuna adzamve zitapsa, adziwe kuti m'nyumba ino muli wowaimira.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Seiji waona. Kukalipa mpaka mitsempha m'khosi. "Amayi, mwatipha! Mlendo sayankhidwa choncho!" Ndamuuza kuti nyumba ino ndinaipeza ilipo intaneti kulibe. Wamenyetsa chitseko, pepala lang'ambika. Amate yekha.

Lachinayi, 23 Okutobala

Foni ya mu ofesi siikupuma chiyambire dzulo masana.

Wina anajambula yankho langa n'kulitumiza kwa anzake, anzake kwa anzawo, pano akuti lafala dziko lonse. Anthu akuseka, akuyamikira, akuti agogo ngati amenewa anatha. Ofuna malo ndi ochokera ku Osaka, ku Fukuoka, kumene sitinalandirepo mlendo. Obweza malo aja ena akupempha kuti tiwabwezere.

Seiji wabwera yekha ndi tiyi m'manja. "Amayi, koma ndinu oopsa." Ndamwa tiyi wake pang'onopang'ono. Sindibisa, ndanyada. Ali pomwepo wabweretsanso ya mawaya ija, ati tsopano tingakwanitse, ndipo za holo yodyeramo aziiwala chifukwa anthu akufuna kudyera m'zipinda, akufuna a Kikue. Za holo zikatha ndiye kuti a Kikue sakuchoka. Ndavomera mawaya. Aboole.

Ndapita kukawauza a Kikue kuchipinda chochapira, akupinda yukata. Ndawawerengera zonse, mawu anga ndi zimene anthu akunena. Ndimadikira kuti aseke, kapena andikwapule ndi kansalu ngati kale. Amaliza kupinda amene anali m'manja, kusalaza ndi chikhato. "Okami-san, mukanandifunsa kaye."

Basi. Ngakhale zikomo. Ukalamba umabwera ndi zambiri.

Lachinayi, 30 Okutobala

Sabata yonse osalemba. Miyendo.

Amawaya amaliza dzulo. Utuchi paliponse, timabokosi toyera tophethiraphethira m'makona. Pa nsapato pali zii, benchi yapuma. Ndinaganiza kuti tsopano alendo akhazikika adye.

Akhazikikadi. Foni aiyedzamiritsa pa ketulo ya tiyi, kamera kuloza kuchitseko. Akufika pakhomo asanavule n'komwe nsapato, funso ndi limodzi: "Agogo okalipa aja alipo? Tiikeni chipinda chawo." Agogo okalipa! Dzina ali nalo, ndipo mumalidziwa, munaliwerenga nonse.

Madandaulo a intaneti atha? Ayi ndithu. Tsopano akuti ikuchedwa, kanema akudukaduka. Mnyamata wina wanditsikira m'masokosi kudzandiuza kuti nambala yachinsinsi ndi yaitali.

Lamlungu, 2 Novembala

Chipongwe ngati ichi sindinachionepo.

Akusiyira dala chakudya kuti chizizire. Dala! A Onuma kuwotcha nsomba mosamala, a Kikue kukwera nayo, anthu kungoiyang'ana, foni ikujambula, kudikira kukalipiridwa. Atsikana ena kuchipinda chakumapeto mpaka kuomba m'manja: "Agogo, tikalipireni! Nenani ya nsomba ija!" Ndawamva ndili pamasitepe. A Kikue anangowerama, "Pepani, ndikatenthetsenso?" Atsikana kukhumudwa.

Ndipo ndemanga zayamba kubwera zamtundu wina. Nyenyezi ziwiri: "Tinayenda ulendo wautali, gogo sanatikalipire." Wina akuti mwina si gogo weniweni. Asa! Ukawakalipira nyenyezi imodzi, ukapanda kuwakalipira ziwiri. Akufuna chiyani anthu amenewa?

Seiji akuti tiwapemphe a Kikue azinena mawu aja kamodzi chipinda chilichonse, sizivuta. Waitanitsanso matawulo olembedwa kuti foni siizizira, ogulitsa pakhomo. Ndamuuza kuti matawulo amenewo akalowa m'nyumba ino ndikolezera moto. Akuti, "Munayambitsa ndinu, Amayi."

Ine ndinalemba kuti anthu awalemekeze. Sindinalembe kuti awasandutse nyani wa pachionetsero.

Mbale zobwerera kukhitchini zosakhudzidwa, a Onuma akuzikhuthulira mu ndowa imodziimodzi, mwaphokoso, kuti ndimve.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndaika chikwangwani pakhomo choletsa kujambula antchito. Akuchijambula.

Ndawauza a Kikue kuti apumeko masiku angapo, ndiperekera ndekha. Akana. "Nyumba yadzaza, Okami-san. Munthu sapuma masamba ali ofiira." Akuonda. Lamba wa kimono akumuzunguliza mopitirira.

Lachinayi, 6 Novembala

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Woperekera chakudya akamatuluka m'chipinda amagwada pakhonde, atseke chitseko ali chogwada, ndipo amadzuka chitseko chitatsekeka. Mlendo saona kudzuka kwake. Ndi mwambo basi, sindinauganizirepo.

Dzulo mnyamata wina wa chipinda cha kumtsinje, a Kikue atangotseka, anatsegulanso pang'ono n'kutulutsa foni. Lero kanema ali paliponse. Seiji anafuna kundibisira, ndamulanda foni.

A Kikue ali pakhonde okha. Ayesa kudzuka, bondo likukana. Ayesanso. Aika thireyi pansi, akwawa ndi manja ndi maondo mpaka pansanamira, aigwira ndi manja onse, adzikoka pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa ndi ululu. Aima, akonza kimono, asalaza tsitsi, abwerera kukatola thireyi. Pamwamba pake aikapo kanyimbo koseketsa ndi mawu akuti agogo okalipa batire yatha.

Sindimadziwa. Ine wogona nawo nyumba imodzi, sindimadziwa kuti amadzuka choncho. Chitseko chilichonse, mbale iliyonse, madzulo alionse. Kuyambira liti? Anabisa kwa ine, kwa Seiji, kwa a Onuma, ndiye lero aonedwe ndi dziko lonse, anthu akudya m'sitima akuseka.

Mnyamatayo anali atanyamuka kale. Ndinamuweramira pakhomo mmawa, ndinamuthokoza chifukwa chobwera. Akanakhala pafupi sindikudziwa chimene ndikanachita, koma kundende ndikanapita mokondwa. Seiji walembera eni tsamba limene pali kanemayo kuti achotse. Akuti achotsa mmodzi, ena atumiza kale kwina. Kwa nthawi yoyamba ndamuona mwana wanga akulira ali wamkulu. "Azakhali Kikue," akutero, ngati mmene ankawaitanira ali mwana.

Iwo aperekera chakudya madzulo ano ngati palibe chachitika. Aona kapena sanaone, sindinathe kufunsa.

Loweruka, 8 Novembala

Anaona. Mlamu wawo wa ku Sakata anawaimbira, ati adzukulu akufunsidwa kusukulu.

Masana, alendo atsopano asanafike, abwera kuchipinda kwanga. Kugwada, manja pamkeka. "Okami-san, ndikupempha mundimasule." Ndakana. Ndalankhula zambirimbiri: kuti sadzanyamulanso thireyi, azingokhala, aziphunzitsa atsikana, tipita kwa dokotala wa maondo kutauni, kachipinda kaja ndi kawo mpaka kalekale, mnyamata uja timusumira, mawaya ndizula ndi manja anga. Andisiya ndimalize.

Ndiye akuti, "Za maondo si nkhani. Ndikanakwawa mpaka imfa, bola osaonedwa."

Ndati ndimafuna kukutetezani, sindikanalola kuti mwana uja akunyozeni pamaso pa anthu.

Mawu awo ndiwalemba mmene anawanenera. "Bwana wamng'ono atapepesa, nkhani inali itatha. Anthu akanaiwala sabata lomwelo. Ine mwini wake ndinali nditaimeza. Amene simunathe kuimeza ndinu, Okami-san. Mtima umenewo ndinakuuzani muli mtengwa kuti udzawotcha nyumba."

Sananene mokalipa. Bola akanakalipa.

Kenaka anati, "Tsopano tembenukani, ndikufuna kudzuka." Ndinatembenukira kukhoma. Ndinamva zonse.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndayesanso dzulo, ndayesanso lero. Seiji wagwada pakhomo pa kachipinda kawo. A Onuma awaphikira phala la mpunga lokhala ndi bowa, iwo adya, athokoza, apitiriza kumanga katundu. Makimono a nyumba achapa, apinda, aika pashelefu. Atsikana aganyu awaonetsa pamene pamakhala mbale za Chaka Chatsopano.

Ndapsa mtima ndi aliyense. Mkazi wa ku Yokohama, mnyamata wa kanema, amawaya, wa ndiwo zamasamba. Ndakalipira mtsikana wosalakwa chifukwa cha supuni. Ndikamaliza onsewo pamatsala munthu mmodzi, ndiye ndimadzuka kukafuna ntchito ina.

Mlendo wa lero akuti madzi osamba akununkha mazira owola. Ndi kasupe, bambo. Munalipira fungo lomwelo.

Lachinayi, 13 Novembala

A Kikue apita ndi basi yammawa, kwa mchimwene wawo ku Sakata. Chipale choyamba paphiri.

Anatulukira khomo lakukhitchini kuti alendo asawaone. Chikwama chimodzi ndi kamtolo. Ndinafuna kuwaperekeza mpaka pamsewu, akana: "Alendo akudya kadzutsa, mayi wa nyumba sachoka." Anandiweramira, ine kuwerama, iwo kuweramanso. Palibe anagwira mnzake.

Kachipinda kawo mwatsala fungo la mankhwala opaka m'maondo. Fungo limeneli ndakhala ndikulimva pakhonde zaka zonsezi, ndinkati ndi langa.

Malo adzaza mpaka Chaka Chatsopano. Sizinachitikepo.

Loweruka, 15 Novembala

Mathireyi ndikunyamula ndekha tsopano.

Seiji mmawa, maso pansi, akuti alendo akufunsabe za agogo, tiwauze chiyani. Mtsikana waganyu, mosaganiza, akuti, "Bwanji azinena ndi Okami-san? Sangasiyanitse."

Sanasiyanitsedi. Madzulo ndapititsa nsomba kuchipinda cha kumtsinje. Anyamata ndi atsikana, foni pa ketulo, kanyali kofiira kakuyaka. Nsomba ndaika, palibe wogwira timitengo todyera. Mmodzi akuti, "Ndi omwewa! Agogo, bondo lili bwanji? Tikalipireni pang'ono, tachokera kutali."

Mwezi wonse ndakhala ndi mawu odzaza pakhosi, okwanira aliyense wolowa pakhomo pano. Apa ndiye anandipempha okha. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Pepani, ndikatenthetsenso?"

Ndinatseka chitseko, n'kuchigwira ndi dzanja kuti asatsegule.

Ku Sakata ndaimba dzulo, ndaimbanso lero nkhomaliro itangotha. Wayankha mlamu wawo. Akuti agona. A Kikue kugona dzuwa lili pamutu! Ndati ndidikira pafoni pomwepo adzuke. Kunamveka kunong'onezana, kenaka mlamu akuti, "Akuti musavutike, Okami-san. Akuti alendo akudikira, pitani ku ntchito."

Belu la chipinda chakumapeto likulira. Intaneti yaduka kapena.